Gulu la magazi ndi kuundana kwa magazi: mafunso ndi mayankho

Ambiri timadziwa gulu la magazi athu tsiku lopereka magazi kusukulu, kapena kusikelo, kapena m'bale akagonekedwa m'chipatala n'kumafunika womupatsa magazi. Chilembo chija, kaya ndi A, B, AB kapena O, amatilembera pakakhadi ndipo timachiiwala. Koma madokotala akhala akuona kwa zaka zoposa 50 kuti chilembo chomwecho chimayenderana ndi mmene magazi a munthu amaundanira. Nkhaniyi ikamafika pa WhatsApp imakhala itakometsedwa kale, ena akuopsezedwa, ena akuuzidwa kuti iwo sangadwale. M'munsimu muli mayankho a mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri.

Kodi n'zoona kuti gulu la magazi limakhudza kuundana kwa magazi?

N'zoona, ndipo si nkhani ya dzulo. Mu 1969 magazini ya zachipatala yotchedwa The Lancet inafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi a ku America, Britain ndi Sweden amene magazi anawaundana m'mitsempha ali oyembekezera, atangochira kapena akumwa mapiritsi olera. Ofufuzawo anaona kuti pakati pa odwalawo, a gulu O anali ochepa kuposa mmene zinayenera kukhalira. Kuchokera nthawi imeneyo nkhaniyi yafufuzidwa mobwerezabwereza m'mayiko ambiri, ndipo yankho limabwera lofanana. Kafukufuku wamkulu kwambiri anatuluka mu 2016. Anatsatira anthu opereka magazi pafupifupi 1.5 miliyoni a ku Sweden ndi Denmark kwa zaka zambiri, n'kupeza kuti a magulu A, B ndi AB amaundana magazi m'mitsempha ya m'miyendo ndi m'mapapo pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi a gulu O.

Kawiri? Ndiye ife a gulu A tiyambe kuda nkhawa?

Ayi. Funso loyamba n'lakuti, kawiri kuchokera pati? Pa akuluakulu 1,000, amene magazi amawaundana m'mitsempha pachaka ndi mmodzi kapena awiri, ndipo ambiri mwa iwowo ndi okalamba kapena odwala kale matenda ena. Pa achinyamata athanzi chiwerengerocho chimatsika mpaka pafupifupi mmodzi pa 10,000. Chinthu chosowa chonchi mukachiwirikiza kawiri chimakhalabe chosowa.

Komanso taganizani: kwathu kuno pafupifupi theka la anthu ndi a gulu O, theka linalo ndi a magulu enawo. Theka la mtundu wonse wa anthu silingakhale lodwala chifukwa cha chilembo. Gulu la magazi limayamba kukhala ndi tanthauzo likakumana ndi zinthu zina, monga opareshoni, mimba, khansa kapena kugona pabedi masiku ambiri. Palokha silidwalitsa munthu.

Nanga chilembo cha pamaselo ofiira chimakhudzana bwanji ndi kuundana?

Apa ndi pamene pali phata la nkhani yonse, ndiye tipafotokoze mofatsa.

Magulu a magazi anawatulukira Karl Landsteiner ku Vienna mu 1901, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1930. Chimene chimasiyanitsa maguluwa ndi tinthu ta mtundu wa shuga tomwe timamera pamwamba pa maselo ofiira. Tonse tili ndi tsinde lofanana. Wa gulu A thupi lake limawonjezera kashuga kamtundu wina kunsonga kwa tsindelo, wa gulu B limawonjezera kamtundu winanso, wa AB ali ndi tonse tiwiri, pamene wa gulu O sawonjezera kalikonse. Shuga ameneyu sakhudzana ndi matenda a shuga kapena ndi zimene mumathira mu tiyi.

Chimene Landsteiner sakanadziwa n'chakuti timashuga tomweti sitili pamaselo ofiira pokha. Timapezekanso pa puloteni ina ya m'magazi yotchedwa von Willebrand factor, imene imapangidwa ndi maselo a m'kati mwa khoma la mitsempha. Puloteni imeneyi ndi yaitali ngati ulusi, ndipo magazi akamayenda bwinobwino imakhala yopindika. Mtsempha ukang'ambika, imagwira pabalapo n'kutambasuka, ndipo tizidutswa ta m'magazi totchedwa mapulateleti timamatirira pa iyo mmene mbalame imakanirira pa ulimbo. Umu ndi mmene bala limayambira kutsekeka. Ili ndi ntchito inanso yachiwiri: imanyamula puloteni ina youndanitsa magazi, factor VIII, n'kumaiteteza kuti isawonongeke msanga. Ikachuluka, factor VIII nayo imachuluka.

Tsono mwa munthu wa gulu O, puloteniyi ilibe timashuga towonjezera tija, ndipo thupi limaichotsa m'magazi mofulumira. Ofufuza a ku Italy anapeza mu 2008 kuti theka la puloteniyi limatha pa maola pafupifupi 10 mwa anthu a gulu O, pamene mwa a magulu ena limatenga maola pafupifupi 25. Zotsatira zake n'zakuti a gulu O amakhala ndi puloteniyi yocheperako ndi 25 mpaka 30 peresenti. Ocheperako amaundana mochedwerako, ochulukirako amaundana mosavutirako. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Koma dziwani kuti gulu la magazi ndi chimodzi chabe mwa zinthu zimene zimakweza kapena kutsitsa puloteniyi. Imakwera munthu akamakula, imakwera kwambiri pa mimba, imakwera mukadwala malungo kapena chibayo, ngakhalenso mukangothamanga. Anthu akuda, powawerengera onse pamodzi, amakhala nayo yochulukirapo kuposa azungu. Gogo wa gulu O akhoza kukhala nayo yambiri kuposa mdzukulu wake wa gulu B.

Dzina lachilendoli linachokera kuti?

Erik von Willebrand anali dokotala wa ku Finland. Mu 1924 anamubweretsera ku Helsinki mtsikana wa zaka 5 wochokera kuzilumba za Åland, amene ankatuluka magazi osaleka, ndipo abale ake angapo anali atamwalira kale ndi vuto lomwelo. Dokotalayu anafufuza banja lonselo n'kulemba zimene anapeza mu 1926. Mtsikanayo atatha msinkhu anamwalira chifukwa chotaya magazi pa msambo wake wachinayi. Puloteni imene inkasowa m'banja limenelo inadzadziwika patapita zaka zambiri, ndipo inapatsidwa dzina la dokotalayu.

Pa A, B ndi AB, lili ndi chiopsezo chachikulu ndi liti? Nanga "positive" ndi "negative"?

Kawirikawiri puloteni ija imapezeka yochuluka kwambiri mwa a gulu AB, kenako B ndi A. Koma kusiyana pakati pa atatuwa n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana pakati pa onsewo ndi gulu O. Ndipo m'gulu A momwemo muli timagulu: a A1, omwe ndi ambiri, chiopsezo chawo n'chokwererapo, pamene a A2 amayandikira a gulu O. Kuyeza kwa nthawi zonse sikusiyanitsa timaguluti, ndipo palibe chifukwa choti mukavutikire kufunsa.

"Positive" ndi "negative" ndi nkhani ya Rh, chizindikiro china cha pamaselo ofiira chimene chinatulukiridwa mu 1940, ndipo ilibe gawo pa puloteni ya von Willebrand. Imakhala yofunika poika munthu magazi, ndiponso kwa mayi woyembekezera wa "negative" amene mwana wake ndi "positive". Imeneyo ndi nkhani yapayokha yokambirana kusikelo.

Ndiye a gulu O ndi amwayi?

Pa za kuundana ali ndi kamwayi pang'ono, koma nawo ali ndi zawo. Magazi ochedwa kuundana amachedwanso kuleka kutuluka. Zinadziwika kalekale kuti a gulu O amadwala zilonda za m'mimba kawirikawiri, ndipo zilondazo zimawatulutsa magazi mosavuta. Ku Japan, kafukufuku wa mu 2018 wa anthu 901 ovulala modetsa nkhawa anapeza kuti 28 pa 100 alionse a gulu O anamwalira, pamene a magulu ena anali 11 pa 100. Kafukufuku wa m'mayiko ena sanapeze kusiyana kwakukulu chonchi, choncho chiwerengerochi musachitenge ngati lamulo, koma chikusonyeza kumene mphepo ikulowera.

Palinso kolera. Ku Bangladesh anaona kuti wa gulu O akatenga kolera amatsekula m'mimba moopsa kuposa anzake. Kwa ife amene tinaona mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, imeneyi si nkhani yakutali.

Ndipo wa gulu O asamaganize kuti magazi sangamuundane. M'mawodi mumapezeka odwala a gulu O otupa mwendo chifukwa cha magazi oundana, monga mmene mumapezekera a magulu ena onse.

Ndinamva kuti gulu O limateteza ku malungo. N'zoona?

Limachepetsa mwayi woti malungo afike poopsa, koma sililetsa munthu kudwala malungo. Maselo ofiira amene mwalowa kachirombo ka malungo amamata maselo athanzi n'kupanga timagulu tomwe timatseka timitsempha ting'onoting'ono, makamaka ta mu ubongo. M'magazi a gulu O timaguluti timakhala tating'ono ndiponso tosalimba. Kafukufuku wa ana a ku Mali amene anatuluka mu 2007 anasonyeza kuti ana a gulu O anali ochepa kwambiri pakati pa odwala malungo oopsa, ndipo mu 2008 kafukufuku wina wa ana a ku Gambia, Kenya ndi Malawi anapeza zofanana. Akatswiri ambiri amaganiza kuti n'chifukwa chake gulu O ndi lofala kumadera kumene malungo akhala akupha anthu kwa zaka zikwizikwi.

Kumatana kumeneku n'kosiyana ndi kuundana kumene tikukamba pano, ngakhale kuti zonse zimathera pa kutseka mtsempha. Mwana wa gulu O agonebe m'masikito, ndipo akatentha thupi apite kukayezetsa tsiku lomwelo.

Nanga matenda a mtima ndi sitiroko?

Kugwirizana kulipo, koma n'kofooka kuposa kwa mitsempha ya m'miyendo ndi m'mapapo. Ofufuza a ku Harvard, atatsatira anthu pafupifupi 90,000 ogwira ntchito zachipatala kwa zaka zoposa 20, analemba mu 2012 kuti a gulu AB anali ndi chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chokwererapo ndi 23 peresenti kuyerekeza ndi a gulu O, ndipo a A ndi B anali pakati. Mu 2022 ofufuza a pa University of Maryland anaphatikiza zotsatira za anthu pafupifupi 17,000 amene anagwidwa ndi sitiroko asanakwanitse zaka 60. A gulu A chiopsezo chawo chinali chokwererapo ndi 16 peresenti, a gulu O chotsikirapo ndi 12 peresenti, kuyerekeza ndi a magulu ena. Ofufuzawo anachenjeza okha kuti kusiyanaku n'kochepa ndipo si chifukwa choti munthu akayezetse china chilichonse.

Kunena mosabisa, munthu wodandaula za gulu lake koma asanayezetsepo BP chaka chino akudandaula chinthu cholakwika. Kwathu kuno chimene chikufetsa anthu ziwalo kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi kosadziwika kapena kosamweredwa mankhwala, kenako shuga, fodya ndi HIV yosalandira chithandizo. Zonsezi n'zazikulu kuposa chilembo chilichonse, ndipo zonsezi zili ndi chochita.

Kupatula gulu, chimaundanitsa magazi m'mitsempha n'chiyani?

Madokotala amaphunzitsidwa zinthu zitatu zimene zimatchedwa ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800: magazi kuyenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha kuvulala, ndi magazi enieniwo kukhala osavuta kuundana. Gulu la magazi limalowa pachitatupo, ndipo ndi kachigawo chabe.

Magazi amayenda mwaulesi mwa munthu wogona pabedi masiku ambiri, wovala chikhakha pamwendo, wofa ziwalo, wonenepa kwambiri, kapena wokhala pampando umodzi usiku ndi usana. Mtsempha umavulala pa ngozi ya pamsewu, pothyoka ntchafu kapena chiuno, ndi pa opareshoni yaikulu. Magazi amakhala osavuta kuundana mwa odwala khansa, mwa oyembekezera, mwa omwa mapiritsi olera okhala ndi homoni yotchedwa estrogen, ndi mwa amene thupi lawo likulimbana ndi matenda aakulu. M'zipatala za kum'mwera kwa Africa, odwala ambiri amene amapezeka ndi vutoli amakhala alinso ndi HIV kapena TB, makamaka amene chitetezo chawo chatsika kwambiri. Mabuku olembedwa ku Ulaya sakamba zambiri za zimenezi, koma kwa ife n'zapatsogolo.

Mabuku omwewo amakamba kwambiri za factor V Leiden, vuto lobadwa nalo lochititsa magazi kuundana mosavuta, limene linatulukiridwa mumzinda wa Leiden ku Netherlands mu 1994. Limapezeka mwa azungu pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo likakumana ndi gulu A, B kapena AB chiopsezo chimakwera kwambiri. Mwa anthu akuda n'losowa zedi. Mukaliwerenga pa intaneti musafulumire kudziika m'gulu limenelo.

Ndili woyembekezera ndipo ndine wa gulu B. Ndichite chiyani?

Pitirizani sikelo monga mwa nthawi zonse. Mimba payokha imakweza chiopsezo kanayi kapena kasanu mwa mayi wa gulu lililonse, chifukwa thupi limakonzekera kuletsa magazi pochira, ndiponso chiberekero chikamakula chimapanikiza mitsempha yobweza magazi kuchokera m'miyendo. Nthawi yoopsa kwambiri si ya mimba yeniyeniyo koma masabata 6 oyamba mutachira, makamaka ngati munachira kudzera opareshoni. N'chifukwa chake anamwino amakudzutsani kuti muyende ngakhale bala likuwawa. Sikuti akukuchitirani nkhanza. Ndipo apongozi kapena amayi anu akamati gonani musagwire kanthu, pumulani ndithu, koma muziyendayenda m'nyumba ndi pabwalo.

Uzani anamwino ngati magazi anakuundananipo kale, kapena ngati zinachitikapo kwa mayi anu, bambo anu kapena m'bale wa bere limodzi. Kutupa mapazi onse awiri madzulo n'kofala pa mimba. Kutupa mwendo umodzi, kawirikawiri wakumanzere, ndiponso ukupweteka, ndi nkhani yopitira kuchipatala tsiku lomwelo. Mukatupa nkhope ndi manja, mutu n'kumawawa, thamangiraninso kuchipatala, chifukwa ikhoza kukhala BP ya pamimba.

Nanga njira zolera?

Mapiritsi okhala ndi mahomoni awiri, omwe amodzi mwa iwo ndi estrogen, amakweza chiopsezo. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, limati pa amayi 10,000 pachaka, magazi amaundana mwa 1 mpaka 5 osamwa mapiritsi, mwa 3 mpaka 9 omwa mapiritsi, mwa 5 mpaka 20 oyembekezera, ndi mwa 40 mpaka 65 ongochira kumene. Onani bwino manambalawo. Mayi wosiya mapiritsi chifukwa choopa gulu la magazi ake, n'kutenga mimba yosakonzekera, wadziika pachiopsezo chachikulu kuposa chimene amathawa.

Palibe malangizo a zaumoyo amene amati mayi ayezedwe gulu asanapatsidwe njira yolera. Zimene azaumoyo amafunsa ndi izi: ngati magazi anakuundananipo, ngati mumasuta fodya muli ndi zaka zoposa 35, ngati muli ndi BP, ngati mumadwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuona zinthu zothwanima, ndiponso ngati mwangochira kumene. Kwa otere pali lupu ndi njira yoika pamkono, zomwe zilibe estrogen.

Ndimayenda pabasi kupita ku Joni. Ndili pachiopsezo?

Bungwe la WHO linalengeza mu 2007 kuti kukhala pansi osayenda kwa maola oposa 4, kaya m'ndege, m'basi, m'sitima kapena m'galimoto, kumawirikiza chiopsezo pafupifupi kawiri, ngakhale kuti zimachitikira munthu mmodzi yekha pa apaulendo pafupifupi 6,000. Ulendo wa Blantyre mpaka Johannesburg, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, umapitirira tsiku lathunthu. Ambiri amakhala atapanikiza miyendo ndi katundu, ndipo amadzimana madzi dala poopa kuti basi siima pafupipafupi. Zonse ziwirizi n'zimene magazi oundana amafuna.

Basi ikaima, tsikani muyende, ngakhale mulibe chogula. Mzere wa pachipata umatopetsa, koma miyendo imapindula nawo. Muli pampando, muzikweza ndi kutsitsa zidendene kuti akatumba azipopa magazi. Imwani madzi, mowa musiye. Malangizowa ndi a magulu onse, ndiponso a madalaivala a mathiraki ndi okwera ndege yopita ku London. Vutoli likhoza kuonekera patapita masiku kapena masabata mutafika, choncho mukapita kuchipatala musaiwale kutchula za ulendowo.

Ndingadziwe bwanji kuti magazi aundana?

M'mwendo: mwendo umodzi umatupa kuposa unzake, katumba kapena ntchafu imapweteka, pamalopo pamatentha, khungu limathina ndipo nthawi zina limasintha maonekedwe. Choopsa n'chakuti nthuli ya magaziyo ikhoza kuduka n'kuyenda mpaka m'mapapo. Zikatero munthu amabanika mwadzidzidzi, pachifuwa pamabaya akamakoka mpweya, mtima umagunda mothamanga, nthawi zina amatsokomola magazi kapena kukomoka. Izi zikhoza kupha pa maola ochepa, ndipo n'zosavuta kuzisokoneza ndi chibayo kapena TB.

Mwendo ukatupa popanda chifukwa chooneka, kwathu kuno maganizo amathamangira kwina: ati waponda mankhwala, ati amuchita chipongwe. Kenako pamabwera kusisita, kuthowa ndi madzi otentha, ndi kutema mphini. Chonde, mwendo wotere usasisitidwe, ndipo mphini zimangowonjezera mabala pamwendo umene magazi akuyenda kale movutikira. Masiku amene amathera pa zimenezi ndi amene nthuli ija imakula. Kuchipatala amaunika mitsempha ya mwendo ndi makina a sikani, omwe aja amaunikira oyembekezera, ndipo mankhwala ake alipo.

Zizindikiro za sitiroko n'zosiyana: pakamwa kukhota, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, kulankhula kosamveka. Nazonso n'zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Kodi ndiyambe kumwa aspirin tsiku lililonse kuti magazi asungunuke?

Ayi, pokhapokha dokotala atakulemberani. Aspirin amagulitsidwa pa okala paliponse, ndiye anthu amamuyesa wosaopsa, koma kumumwa tsiku ndi tsiku kumatha kutulutsa magazi m'mimba ndi mu ubongo. Kwa munthu wathanzi amene sanadwalepo mtima kapena sitiroko, phindu lake ndi lochepa moti kawirikawiri silipambana ngozi yake. Komanso aspirin sakwanira kuchiza magazi oundana m'mwendo. Gulu la magazi si chifukwa chomwera mankhwala aliwonse.

Ndinapezeka kale ndi vutoli ndipo ndikumwa warfarin. Gulu langa likusintha chilichonse?

Silisintha mtundu wa mankhwala kapena mlingo wake. Nthawi zambiri amayamba ndi jakisoni wa heparin, kenako mapiritsi a warfarin kapena atsopano monga rivaroxaban, onsewa oletsa magazi kuundana, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Mlingo wa warfarin umatengera zotsatira za kuyeza kotchedwa INR, zimene kwa odwala ambiri zimayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3.

Zoti musamale nazo n'zina. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amafooketsa warfarin kwambiri, ndiponso rivaroxaban. Bactrim ndi Flagyl amachita zosiyana: amamuwonjezera mphamvu mpaka munthu kuyamba kutuluka magazi m'nkhama, kamfuno, kapena kuchita chimbudzi chakuda. Brufen ndi aspirin musamwe osafunsa, chimodzimodzinso mankhwala azitsamba. Ma ARV musasiye, koma dokotala wokupatsani warfarin adziwe mtundu umene mukumwa. Masamba monga chisoso, bonongwe, nkhwani, mpiru ndi repu ali ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Ena amamva zimenezi n'kusiyiratu masamba, komwe n'kulakwitsa, poti ndiwo zathu n'zomwezo. Chofunika n'kudya mofanana sabata ndi sabata, osati kusala mwezi wonse kenako kudya mphika wathunthu mvula ikagwa. Warfarin amavulaza mwana wosabadwa, choncho mayi amene akufuna kutenga mimba, kapena akukayika kuti watenga, auze dokotala msanga kuti amusinthire ku jakisoni.

Kodi pali zakudya zoyenera gulu langa? Nanga gulu lingasinthe?

Mndandanda wa zakudya za gulu A, za gulu O ndi zina zotero, umene umazungulira pa Facebook, ulibe umboni. Akatswiri amene anasanthula kafukufuku wa nkhaniyi mu 2013 sanapeze chilichonse chouikira kumbuyo. Amene amapeza bwino akautsatira amapeza bwino chifukwa achepetsa zokazinga ndi zotsekemera, zomwe zikanathandiza munthu wa gulu lililonse.

Gulu mumabadwa nalo, kuchokera kwa mayi ndi bambo, ndipo chakudya, zitsamba kapena kuikidwa magazi sizilisintha. Limasintha mwa amene aikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina pochiza khansa ya m'magazi. Makolo awiri a gulu A akhoza kubereka mwana wa gulu O popanda chachilendo chilichonse.

Munthu akaikidwa magazi a gulu lolakwika, paja amati amaundana?

Imeneyi ndi ngozi ina, yosiyana ndi zimene takamba pamwambapa. Wa gulu O akaikidwa magazi a gulu A, chitetezo cha m'thupi mwake chimagwira maselo achilendowo, kuwaunjika pamodzi n'kuwaphwanya. Munthu amanjenjemera, msana umapweteka, mkodzo umada, impso zimatha kuleka kugwira ntchito, ndipo zikafika poipa magazi amaundana m'timitsempha ta thupi lonse kwinaku akutuluka osaleka. N'chifukwa chake a labotale amayeza gulu, n'kusakanizanso magazi a wodwala ndi a wopereka kuti aone ngati akugwirizana, asanawapereke kuwodi. Kuchedwa kumene achibale amadandaula nako kumakhala kwa ntchito imeneyi.

Wa gulu A akalandira magazi a gulu O satengerako kamwayi kaja, chifukwa puloteni ya von Willebrand imapangidwabe ndi mitsempha yake yomwe.

Haemophilia A imagwira a gulu A? Nanga AS ndi SS ndi magulu a magazi?

Ayi pa zonse ziwiri. Haemophilia ndi matenda otuluka magazi osaleka: haemophilia A ndi kusowa kwa factor VIII, haemophilia B ndi kusowa kwa puloteni ina youndanitsa magazi, factor IX. Zimayenda m'banja kudzera kwa mayi ndipo zimagwira makamaka ana aamuna, a gulu lililonse. AA, AS ndi SS ndi zotsatira za kuyeza sickle cell, ndipo zimanena za mtundu wa haemoglobin, puloteni yonyamula oxygen imene ili m'kati mwa maselo ofiira. Munthu akhoza kukhala wa gulu O ndiponso SS. Odwala sickle cell amaundana magazi kawirikawiri kuposa anthu ena, ndipo kwa iwo matendawo ndi amene ali ndi mphamvu kuposa gulu.

Pamene gulu limasokonezadi madokotala ndi poyeza matenda a von Willebrand, aja otuluka magazi osaleka chifukwa chosowa puloteni ija. Popeza a gulu O amakhala kale ndi puloteniyi yochepa, ena amaoneka ngati odwala pamene ali bwinobwino. Dokotala wodziwa ntchito amayang'ana kaye mbiri ya munthu: kamfuno wosaleka, msambo wochuluka wopitirira sabata, kutaya magazi ambiri atazulidwa dzino kapena pochira.

Za COVID-19 zija zinatha bwanji?

Mu 2020 kafukufuku wa odwala a ku Italy ndi Spain anasonyeza kuti a gulu A ankadwalika kwambiri kuposa a gulu O, ndipo nkhaniyi inafala dziko lonse. Kafukufuku wotsatira anapeza kuti kusiyanako n'kochepa. Ukalamba, shuga, BP ndi kunenepa n'zimene zinkasankha amene akafike pa oxygen.

Ndikayezetse kuti gulu langa, ndipo ndizimuuza dokotala?

Njira yosalipira ndi kupereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, komanso limayendera masukulu, matchalitchi, mizikiti ndi malo a ntchito. Opereka magazi amauzidwa gulu lawo. Ma labotale a zipatala nawonso amayeza, ndipo zimatenga mphindi zochepa. Kupereka magazi sikuundanitsa magazi ndipo sikusintha chiopsezo chanu. A magulu onse amafunika, osati a O okha.

Kumuuza dokotala gulu lanu sikulakwa, koma musadabwe akakuyezaninso musanaikidwe magazi, chifukwa sadalira khadi kapena zokumbukira. Musanachitidwe opareshoni, musanavale chikhakha kapena musanagonekedwe masiku ambiri, muuzeni ngati magazi anakuundananipo, ngati zinachitikapo m'banja mwanu, ngati mukumwa mapiritsi olera kapena mankhwala a TB ndi ma ARV, ndiponso ngati mumachedwa kuleka magazi mukadzicheka. Mayankho amenewa ndi amene iye amagwiritsa ntchito posankha ngati mukufunika jakisoni wa heparin woteteza, masokosi othina, kapena kungodzutsidwa msanga kuti muyambe kuyenda.